Ndege ya Kuseri kwa Shopu ya ba Faruk

George, Lusaka
16 Novembala 2024

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi ndi onse pakhomo. Ine kuno ndili bwino ndithu, ndipo sindinasokere monga mwamvera.

Uthenga wanu unandipeza kudzera kwa azakhali a Magdalene, amene ndimakhala nawo kuno. Anandiuza kuti mwalamula ndikwere basi ndibwerere ku Katete mvula isanakhazikike, chifukwa mwana wamkazi amene amatha tsiku lonse la Loweruka m'chipinda cha juga pakati pa anyamata kuli bwino abwere adzagwire khasu ndi kulera mwana wake. Anandiuzanso kuti abale a bambo ake a Maud ayambanso kubwera kudzapempha mwanayo, ndipo inu mwati ndikapanda kubwera simudzawakananso. Pa foni ndikangomva mawu anu, anga amathawa. Ndiye ndati ndilembe, kuti muwerenge mofatsa, mumve zonse kuchokera kwa mwini wake, kenako muweruze.

Atate, chipinda chija si cha juga. Azakhali sindikuwaimba mlandu, chifukwa khomo loyandikana nalo ndi la anthu obetcha mpira, ndipo kanjira kolowera ndi kamodzi. Iwo anandiona ndikulowa m'kanjirako, naona gulu la anyamata panja, mtima wawo n'kumaliza nkhani yonse.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito ku Matero pa shopu ya ba Faruk, amene makolo awo anachokera ku Mangochi. Iwo amakonza mafoni ndi makompyuta, ine ndimasindikiza mapepala a anthu. Kuseri kwa shopuyo kuli kachipinda kamene kale ankasungiramo makatoni. Ba Faruk ndi munthu wokonda ndege kuyambira ali mwana, ndiye anatola mipando iwiri ya minibasi yakufa, naika magalasi atatu a kompyuta kutsogolo kwake, ndi thabwa lodzaza mabatani, ndi chiwongolero. Zonsezi pamodzi amazitcha simyuleta, kutanthauza makina oyeserera kuyendetsa ndege. Ukakhala pampandopo, pagalasi umaona bwalo la ndege, mitambo, mapiri ndi mitsinje monga zilili, ndipo ndegeyo imamvera chilichonse chimene manja ako achita. Ukaiwala kuthira mafuta okwanira, imagwa. Chosiyana n'chakuti ukagwa umadzuka pampando n'kukamwa madzi.

Poyamba zinalidi masewera. Anyamata ankabwera kudzapikisana kuti ndani angadutsitse ndege pansi pa mlatho. Ine ndinkangosuzumira pakhomo ntchito ikachepa. Zinasintha tsiku limene ba Namukolo anabwera kudzakonzetsa foni yawo. Amenewa ndi mayi wachikulire wochokera ku Mongu, ndipo anagwira ntchito ku bwalo la ndege mpaka kupuma, osati m'mwamba ayi, koma mu ofesi yokonza maulendo. Atamva phokoso la injini kuseri, anakaima pakhomo naonerera mnyamata wina akumenyetsa ndege paphiri, anzake akuseka. Iwo sanaseke. Anati, "Imwe musewera chabe. Ndege siyambira pa injini, iyambira pa pensulo." Ba Faruk anawapempha kuti azibwera kudzatiphunzitsa, ndipo anavomera kumabwera Loweruka lililonse. Masamu atayamba, gulu lija linatha ngati nkhuku zaona kabawi. Tinatsala awiri, ine ndi mnyamata wina wa ku Mandevu dzina lake Sydney, amene maloto ake onse ndi kudzavala yunifomu ya woyendetsa ndege.

Ndikuuzeniko zimene ndaphunzira, kuti muone ngati zikufanana ndi juga. M'mwamba muli misewu, Atate, ngakhale maso saiona. Ndege yaikulu siingolunjika kumene yafuna. Imatsata malo odutsapo amene ali pa mapu, ndipo malo aliwonse ali ndi dzina lake la zilembo zisanu. Munthu wokonza ulendo amasankha msewu, amaona kumene mphepo ikuchokera ndi mphamvu yake, amaona kulemera kwa katundu, amawerenga za nyengo, kenako amapeza mafuta ofunika. Mafutawo amagawidwa. Pali a ulendo weniweniwo, pali odikirira m'mwamba ngati bwalo latsekeka, pali opitira ku bwalo lina ngati kumene umapita kwakanika. Ndiye pali otsiriza amene sakhudzidwa, monga mbewu ija mumapachika kudenga, imene simulola kuti ikazingidwe ngakhale njala itavuta bwanji. Zikatha izi, njira yonse imalembedwa m'kakompyuta ka ndege, ndipo ndegeyo imaitsata yokha. Koma ba Namukolo salola kuti tikhulupirire makina okha. Amafuna diso limodzi likhale pagalasi, lina pa kampasi ndi pepala limene walemba wekha.

Ndikudziwa kuti si ulemu kudzitama pamaso pa kholo, koma ntchito imeneyi ndimaitha. Masamu aja munkandikakamiza ndili ku sekondale apeza pogwira. Sydney amatera bwino kuposa ine, manja ake ndi ofewa, koma pa mapu ndi mafuta iye amene amabwera kudzafunsa ine.

Tsopano ndifike pa zimene zinachitika Loweruka lapitali, tsiku limene azakhali anabwera kudzanditenga.

Ba Namukolo ali ndi mnzawo amene ankagwira naye ntchito kale, Kaputeni Nkole, woyendetsa ndege pa kampani ina yonyamula katundu. Kampaniyo ikufuna wophunzira mmodzi mu ofesi yokonza maulendo, ndipo ba Namukolo anawapempha kuti abwere adzatione tisanapikisane ndi ena pa mapepala okha. Anabweradi, munthu wamtali wosalankhulalankhula, anaweramira pakhomo pathu lalifupi lija nakhala kumbuyo kwathu. Anatipatsa ulendo wochoka ku Lusaka kupita ku Lilongwe, ndege yodzaza katundu, nthawi ya masana mitambo ya mvula itayamba kuunjikana. Aliyense anakonza pepala lake. Ataona onse awiri, anasankha langa kuti tiyendere limenelo. Bwalo lothawirako ndinalemba la ku Blantyre. Sydney anagwira chiwongolero, ine ndinakhala kumanja kwake kuyang'anira njira, mafuta ndi wailesi. Kaputeni anati iwo akhala mawu a woyang'anira ndege pansi, ndipo nyengo aziisintha mmene afunira.

Tinanyamuka bwinobwino. Tikukwera choloza kum'mawa, mawu a Kaputeni anabwera kutiuza kuti kutsogolo kuli mtambo woipa, tisinthe njira tidzere malo ena. Ndinayamba kulemba dzina la malowo m'kakompyuta. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka mwamphamvu, ndipo azakhali analowa atanyamula chikwama changa cha zovala, atachimanga kale.

"Iwe Belinda, ima tiyende!" anatero. "Batate bako bakuyembekeza. Basi ya ku Katete inyamuka mailo kuseni, nakulongera vonse."

Ndinapitiriza kulemba. Sindinatembenuke, chifukwa lamulo la m'chipindamo ndi lakuti uli pampando sucheuka. Ba Namukolo anaimirira mwaulemu, nakoka chigubu chopanda kanthu.

"Ba mayi, nkhalani apa," anatero. "Ndege ili mumwamba. Munthu sangaseluke pakati pa njira. Tikatera muzamutenga."

Azakhali anayang'ana uku ndi uku, ndikuganiza kuti ankafuna makadi kapena mabotolo. Atasowa, anakhala pachigubu paja, chikwama pamiyendo, milomo atamanga.

Ndinamaliza kulemba dzina lija mothamanga, ndipo ndinalakwitsa chilembo chimodzi. Sindikunamizira azakhali, chala chinali changa. Tsoka lake, dzina lolakwikalo linaliponso pa mapu, koma kutali kumwera. Ndege inapendekera kumanja pang'onopang'ono, mofatsa kwambiri moti palibe anazindikira. Panja pa galasi panali mitambo yokhayokha. Tinayenda chomwecho kwa kanthawi ndithu.

Mtima utakhala pansi, ndinachita zimene ndimachita nthawi zonse, kufananiza kampasi ndi pepala langa. Sizinagwirizane. Ndinayang'ana muvi umene umaloza siteshoni ya wailesi ya ku Lilongwe, ndipo m'malo moloza kutsogolo, unali utapendekera kumanzere. Pamenepo ndinaona chilembo chija. Tinali kulowera ku Tete, m'dziko la Mozambiki, ndege ikumwa mafuta pa msewu umene suli wathu.

Sydney anaona chala changa pamene chinaima, nayenso anazindikira. Anandinong'oneza osagwedeza mutu, "Konza chabe zii. Sibanaone."

Ndinasuzumira pagalasi lakumbali, ndipo chithunzi cha Kaputeni chinaoneka ataweramira foni yawo. Kukonza kukanatenga kamphindi, ndege n'kubwerera yokha. Koma mafuta amene anapita anali atapita, ndipo zonse zimene ndinalemba papepala zinali zitasanduka bodza. Munthu wa pansi amene akuganiza kuti uli pakuti, pamene iwe uli kwina, akhoza kukudutsitsira ndege ina pamutu. Ndinadina batani la wailesi, ndipo ndinalankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Ndalakwitsa polemba njira. Tapatuka kulowera kumwera. Ndikupempha chilolezo cholunjika ku Lilongwe kuchokera pomwe tili."

Sydney anausa moyo. Kaputeni anangoyankha ndi mawu a ntchito, "Mwaloledwa." Ndinatenga pensulo n'kuyambanso masamu a mafuta. Ofikira ku Lilongwe analipo, opitira ku Blantyre analipo, otsiriza aja analipo. Amene anadyeka anali odikirira m'mwamba, anatsala ochepa kwambiri.

Mmene tinkayandikira Lilongwe, Kaputeni anali atatikonzera chimvula. Galasi lonse linada bii, mphezi zikung'anima, ndege ikugwedezeka, ndipo ba Faruk anali atakweza zokuzira mawu moti bingu linkamveka m'chifuwa. Tinauzidwa kuti mvula ili pabwalo penipeni, tizungulire m'mwamba tidikire. Tinazungulira. Ine maso anali pa mafuta.

Sydney anati, "Tiyese kutera. Ningakwanise, naona kale voipa kupambana ivi."

Ndinamuyankha kuti ndikudziwa kuti manja ake ndi abwino, koma tikatsika n'kulephera kuona msewu woterapo, kukweranso kudya mafuta a ku Blantyre, ndipo tikafika kumeneko titayamba kale kugwira otsiriza aja.

"Kamodzi chabe, Belinda. Tikapita ku Blantyre ndiye kuti tafeluka mayeso."

"Tikhotere ku Blantyre tsopano lino," ndinatero. "Odikirira atha."

Iye sanakhote. Anangoyang'ana kutsogolo, nsagwada italimba. Ndinkadziwa chimene chinali mumtima mwake, ankafuna Kaputeni aone mmene amaterera pa mvula. Ndinatsegula pakamwa kuti ndibwereze, koma mawu ena anandipitirira kuchokera kumbuyo.

"Imwe ba mnyamata, mvelani mwana uyu! Mufuna kutipaya tonse?"

Anali azakhali, Atate. Anali atagwira mpando wanga ndi manja onse awiri, chikwama chija chitagwera pansi, maso ali tong'o pagalasi. Palibe anaseka nthawi imeneyo. Sydney anapendeketsa ndege kumanja, ine ndinapempha njira ya ku Blantyre n'kuilemba, ndipo ulendo uno ndinawerenga chilembo chilichonse mokweza, iye akuvomereza. Tinatuluka mumtambo muja, dzuwa linaonekanso, mapiri ali m'munsi. Sydney anatera mofewa moti matayala sanamveke n'komwe. Mafuta otsiriza anali osakhudzidwa. Injini zitazima, azakhali anati, "Ambuye Yesu, zikomo," ndipo ba Faruk, amene anali atadziletsa nthawi yonseyi, anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi. Azakhali nawonso anaseka, akudzipukuta thukuta ndi chitenje.

Kaputeni sanaseke kwambiri. Anatenga pepala langa, naliyang'ana mbali zonse, pamene ndinafufuta ndi pamene ndinalembanso. Kenako anaimika chala chimodzi pamaso panga nati, "Chilembo chimodzi." Anagwira chanza ba Namukolo natuluka. Ine ndinati basi, zanga zathera pomwepa.

Ine ndi azakhali tinabwerera kunyumba ku George pa minibasi. Titatsika, tikudutsa pa mpopi wogulitsira madzi paja, iwo anati, "Ine sininamvetse vonse vamene munali kuchita muja. Koma si njuga, ico naona na maso yanga." Ndinathokoza. Ndiye anawonjeza, "Koma mwana afuna amake, Belinda. Ico naco nizakamba." Ananena zoona. Chikwama anachimasula okha titafika kunyumba.

Lachitatu ndili pa ntchito foni inalira. Anali Kaputeni Nkole. Anandifunsa ngati ndinkadziwa kuti anaona ndege ikupatuka kuyambira pachiyambi. Ndinati sindinkadziwa. Anati ankadikira aone ngati ndizindikira, ndipo ndikazindikira ndichita chiyani. Anandidzudzulanso kuti ndinachedwa kufananiza kampasi, ndipo pa ndege yeniyeni kuchedwa kotero sadzakulekerera. Atatha kundikalipira anati ndikayambe kumayambiriro kwa Disembala ngati wophunzira mu ofesi yawo. Ndinakhala pa katoni ya mapepala, kasitomala akudikira zikalata zake.

Sydney sanatengedwe. Zinandipweteka, chifukwa ndiye anandiphunzitsa kulankhula pa wailesi masiku amene ndinkachita chibwibwi. Ndinkaopa kukumana naye, koma dzulo anabwera yekha ku shopu atanyamula mabotolo awiri a maheu. Anati za mu ofesi sizinali zake kuyambira kale, iye adzafika kumpando wakutsogolo ngakhale zitatenga zaka. Pochoka anati, "Tsiku uzakonza ulendo wanga, osanitumiza ku Tete."

Ndinene momveka kuti pasakhale wokuuzani zowonjezera. Sindikukayendetsa ndege. Ndege yeniyeni sindinaikwerepo, ndimangoiona ikudutsa pamwamba pa malata a George monga aliyense. Ntchito yanga idzakhala pa tebulo ku bwalo la ndege, kukonza njira ndi mafuta kuti oyendetsawo akhale ndi pepala loti alikhulupirire. Ndine wophunzira chabe, kutsogoloku kuli mayeso ovuta, ndipo amene walephera amabwezedwa. Koma ine sindikuganiza kuti ndilephera. Ba Namukolo alonjeza kuti apitiriza kundiphunzitsa, ndipo ba Faruk ati chipinda chija ndi changa nthawi iliyonse magetsi akakhalapo.

Choncho Atate, ndikugwada pokuuzani izi, basi ija sindikwera. Sindinakukanirenipo chinthu chiyambire, ndipo sindikukana chifukwa chonyoza. Ndikabwera tsopano, malo aja apatsidwa kwa wina, ndipo khomo lotere silitsegukira kawiri mwana wa m'komboni. Chimene ndikupempha ndi chimodzi. Musamupereke Maud. Abale a bambo ake akabweranso, muwauze kuti mayi wake akubwera pa Khirisimasi, ndipo adzakhala nawo pansi yekha, inu mulipo. Sindikuwamana mdzukulu wawo, adzamuona, koma sadzakulira pakhomo pamene bambo ake sanabwerepo n'kamodzi komwe kudzafunsa ngati wadya. Ndalankhula ndi azakhali, ndipo avomera kuti masukulu akamatsegulidwa mu Januwale, Maud adzakhale nafe kuno. Pafupi ndi kwathu pali sukulu, ndipo masiku amene ndili ku ntchito iwo adzamuyang'anira. Muwafunse nokha, simukusowa kukhulupirira mawu anga okha.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze asamapite kudimba mwendo uja usanapole, ndipo mafuta opaka amene anapempha ndawapatsira anansi athu a Petronella amene akubwera kumeneko sabata yamawa. Moni kwa achimwene a Moven ndi alamu, ndamva kuti ng'ombe yawo yabereka. Moni kwa amayi a kwaya, muwauze kuti nyimbo sindinaiwale. Inuyo musalimbane ndi munda wonse nokha chaka chino, msana wanu si wa kale.

Ndatsiriza ndi Maud, chifukwa ndinkasowa poyambira. Amayi anandiuza pa foni kuti dzino lake loyamba laguluka, analiponya yekha padenga, ndipo sanalire. Anandiuzanso, akuseka, kuti masiku ano akumawaitana iwo kuti amama. Inenso ndinaseka nawo, ndipo sindikudandaula, pakuti amene amamusambitsa ndi kumufunditsa ndi iwowo. Koma mukamaliza kuwerenga, Atate, mumuitane, mumukhazike pamiyendo panu, mumuonetse pepalali ngakhale sadziwa kuwerenga. Mumuuze kuti lachokera kwa amake, ndipo mutchule dzina langa.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi kukulemekezani,

Belinda